Zimene ma MG2 a ku Kasungu amafuna m'nyengo ya fodya

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, nthawi zambiri mu Epulo, ndalama zimayamba kuyenda pa Santhe, pa Chatoloma ndi pa Boma la Kasungu. Ndi nthawi imeneyinso pamene amaonekera akazi amene anthu amawatcha ma MG2. Dzinali linachokera ku nambala za galimoto za boma: MG1 ndi ya Pulezidenti, MG2 ndi ya wachiwiri wake. Mayi wa kunyumba ndiye MG1, wa mseri uja ndiye wachiwiri.

Ine ndimagulitsa zitenje mumsika wa Kasungu, ndipo ambiri mwa akazi amenewa ndi makasitomala anga. Timacheza. Sadziona ngati mahule ayi, ndipo ukawafanizira ndi atsikana a m'mabala amakwiya zedi. Amati ali ndi mwamuna mmodzi, amamuphikira, amamuchapira, akadwala amamudwazika. Komatu manyazi alipo. Maliro akagwa kuchimuna, sangalowe pasiwa. Amaima patali ngati munthu wongodutsa.

Ndikawafunsa chimene akufuna, otchula ukwati ndi ochepa. Ambiri amafuna mpamba: belo la kaunjika, kasaluni, puloti, fizi ya mwana. Ena sukulu inathera pa mimba, ena banja linatha n'kuwasiyira ana. Amadziwa kuti ndalama za fodya zili ndi nyengo yake. Pofika Januwale bambo uja ali pa ngongole ya feteleza, foni sakuyankha, mwini nyumba akufuna lendi. Ochenjera amakhala atalowa kale banki m'khonde. Ena amatsala ndi foni yodula ndi mawigi basi.

Malamulo nawo sawathandiza kwenikweni. Lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuzindikira banja la anthu amene akhala limodzi zaka zosachepera zisanu, koma munthu wobwera usiku n'kuchoka mbandakucha mungamuwerengere bwanji zakazo? Otetezedwa ndi ana: gawo 23 la malamulo aakulu a dziko limati ana onse ndi ofanana mosayang'ana mmene anabadwira, ndipo lamulo la chuma chamasiye la 2011 limapatsa gawo ngakhale mwana wa kunja.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mpamba umenewu umachokera m'thukuta la mayi wina, amene anathirira nazale, anasoka fodya m'chigafa mpaka zala kuda, koma ndalama zikalowa ku banki ali ku mudzi, ndipo pepala la malonda saliona n'komwe.