Mapu Owerengeka M'masewera a Nkhondo a pa Kompyuta

Anzathu ambiri pasukulu pano amakonda masewera a nkhondo a pa kompyuta, m'mene munthu amakhala ngati mkulu wa asilikali, nayendetsa magulu ake pa mapu. Pamasewera otere wopambana si wa zala zofulumira ayi, koma iye amene awerenga mapu msanga ndi molondola. Mapu akakhala osokoneza maso, ngakhale wanzeru angathe kugonja. Tsono tiyeni tione zimene zimachititsa mapu kukhala owerengeka.

Choyamba, mdani azioneka msanga. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa kompyuta. M'chaka cha 1824, ku Prussia, msilikali wina dzina lake Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a nkhondo masewera otchedwa Kriegsspiel. Anali kusewera pa mapu enieni a muyeso wa 1:8000, ndipo gulu limodzi linali ndi tizidutswa tofiira, linzake tabuluu. Pa kompyuta lamulo ndi lomwelo: nthaka, udzu ndi mapiri zikhale za mitundu yosawala, kuti asilikali ndiwo awale pamwamba pake.

Chachiwiri, mtundu wokha sukwanira. Ku Ulaya pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 aliwonse sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo anthu otere alipo m'maiko onse. Kwa iwo msilikali wofiira woima pa udzu angathe kubisika. Chifukwa chake pa mapu a asilikali a NATO gulu la abwenzi limajambulidwa ngati kabokosi kabuluu, koma la adani ngati dayamondi wofiira wa pa makadi. Amene saona mtundu amaona kapangidwe kake, ndipo wokonza masewera ayenera kutengerapo phunziro.

Chachitatu, mtunda uziwerengeka. Masewera a Civilization, amene anatuluka mu 1991, anagawa mapu m'timabokosi ta mbali 4. Vuto lake ndi lakuti kuyenda chopingasa, kuchoka pa ngodya kunka pa ngodya, n'kotalika pafupifupi ka 1.4 kuposa kuyenda molunjika, chonsecho kunali kuwerengedwa phazi limodzi. Mu 2010 Civilization V inasintha, niyamba timabokosi ta mbali 6 tonga zisa za njuchi. Pamenepo malo onse 6 oyandikana ndi msilikali ali pa mtunda wofanana, ndipo diso silinyengedwa.

Chachinayi, chinthu chofunika chisabisike ndi zokongoletsa. M'masewera aulere a The Battle for Wesnoth, amene David White anayamba mu 2003, nkhalango, phiri ndi madzi zimasintha mpata wakuti msilikali alasidwe, ndipo mudzi umachiritsa wovulala. Tsono taganizani, mudziwo utajambulidwa mofanana ndi mitengo yozungulira: msilikali angathe kufa ali phazi limodzi kuchoka pamene akanachira. Pofuna kuthandiza maso, Civilization V ili ndi kaonekedwe kena ka mapu, kamene kamachotsa zokongola zonse ndi kusiya zizindikiro zokha. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Mapu okongola koma osawerengeka ali chimodzimodzi.

Anzanga, malamulo amenewa si a masewera okha ayi. Ndi omwewo amene aphunzitsi athu a Jogirafe amatiuza tikamajambula mapu m'kope: mitundu ikhale yochepa, chizindikiro chilichonse chikhale ndi tanthauzo limodzi, ndipo muyeso usaiwalike. Ukatha kujambula, patsa mnzako mapuwo, numfunse aloze mtsinje, msewu ndi mudzi iwe usanawerenge kufika pa 5. Akalephera usamseke, pakuti cholakwa chili pa mapu; tenga pensulo nukonzenso.