Mawatsi olembedwa pa katoni sayimba nyimbo

Katundu wochokera ku Joni akamatsitsidwa pa Jenda kapena pa boma la Mzimba, kawirikawiri pamakhala makatoni awiri oyendera limodzi. Ina ndi ya kanema wamkulu wopyapyala, inayo ndi ya masipika, yolembedwa manambala ofiira akuluakulu, 3000W kapena 5000W, ndipo pambali pake pali timalemba tinayi, PMPO. Ntchito yanga ndi yolumikiza ndi kukonza zokuzira mawu, ndipo palibe bodza limene landitopetsa ngati ili lakuti mawatsi akachuluka ndiye kuti nyimbo imveka bwino. Zimandiwawa chifukwa ndalama zogulira zinthuzi ndi thukuta la abale athu amene akuvutika ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuti kwawo kukhale kosangalatsa.

PMPO ndi mphamvu imene amati chipangizo chingatulutse pa kanthawi kosakwana n'kuphethira kwa diso komwe. Palibe muyeso umodzi umene makampani anagwirizana, choncho aliyense amalemba nambala imene akuona kuti ikopa wogula. Nambala yoyenera kuifunsa ndi ya RMS, imene imanena mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza nyimbo ikuyimba. Simufunikanso kukhulupirira ine. Tembenuzani chipangizocho, muwerenge kapepala kali pafupi ndi chingwe cha magetsi. Mupeza palembedwa 230V, 50Hz, kenako mawatsi amene chimakoka, mwina 60 kapena 80. Chinthu chokoka mawatsi 60 ku magetsi a ESCOM sichingatulutse mawatsi 5,000 mosalekeza, chifukwa mphamvu yotsalayo ilibe kochokera. Ogwiritsa ntchito sola ku Embangweni ndi ku Edingeni ali ndi umboni m'nyumba mwawo: kainveta kakang'ono kamayendetsa masipika omwewo pamodzi ndi kanema madzulo onse osadandaula.

Ngakhale mawatsi enieniwo sachita zimene anthu amaganiza. Mukachulukitsa mphamvu kawiri, mawu amakwera ndi madesibelo atatu okha, kusintha kumene khutu limakumva pang'ono chabe. Kuti mumve ngati phokoso lawirikiza, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Pabalaza la nyumba zathuzi, mawatsi 20 mpaka 50 a RMS mbali iliyonse ndi okwanira. Chofunika kwenikweni n'chakuti sipika itulutse mawu onse mofanana, kuyambira otsika mpaka okwera. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz, ndipo nyimbo zathu zimayenda m'dera lalikulu la mtunda umenewu. Taganizirani gule wa ingoma wa pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora. Pansi penipeni pali kugunda kwa mapazi a madoda, pakati pali mawu a wotsogolera nyimbo ndi amayi ovomera, pamwamba pali kuwomba m'manja ndi kulira kwa maseche a m'miyendo. Masipika ongodalira sabuufa amakweza kachigawo kamodzi ka besi n'kumeza zina zonse. Pa kanema mumaona bwinobwino nthenga za kumutu ndi milomo ikuyenda, koma mawu a nyimbo osawamva. Ng'oma za vimbuza, gule amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, iliyonse ili ndi liwu lake ndipo zimayankhana, koma pa masipika otere zimangomveka ngati munthu akumenya chitseko. Chimbale ngati Zani Muwone cha malemu Wambali Mkandawire chinajambulidwa mosamala kuti chida chilichonse chimveke pachokha, ndipo n'zachisoni kuchimvera chitasanduka phokoso.

Ena anena kuti ife timakonda besi, ndipo nyimbo yosagwedeza chifuwa si nyimbo. Sindikutsutsa. Paukwati kapena pamsonkhano wa pabwalo mphamvu yambiri imafunikadi, chifukwa palibe makoma obweza mawu. Koma besi yabwino ndi imene mumatha kutsatira kuti woyimba gitala akupita kuti, osati yongonjenjemeretsa malata. Ampulifaya yaing'ono ikakakamizidwa kupyola mphamvu yake, mawu amasweka, ife timati yayamba kudula nsonga, ndipo n'zimene zimawotcha timasipika ta mawu okwera. Makutu nawo amapsa chimodzimodzi. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera mawu a madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera nthawiyo imachepa msangamsanga. Ana amene amakhala pansi pafupi ndi sipika ndiwo amalandira phokoso lochuluka kuposa aliyense m'nyumbamo.

Kanema wamkulu sathetsa vutoli. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho topyola mamiliyoni asanu ndi atatu, koma kanemayo ndi wopyapyala moti mkati mwake mumangokwana timasipika ting'onoting'ono toyang'ana pansi kapena kumbuyo. Ndiye pali gwero la nyimbo. CD imanyamula makilobiti 1,411 pa sekondi, pamene MP3 wamba ya pa memore khadi imanyamula 128. N'zoona kuti MP3 yopangidwa bwino ya 320 anthu ambiri sangaisiyanitse ndi CD, ndipo sindiuza munthu kuti ataye fulashi yake. Vuto ndi vidiyo imene yadutsa pa WhatsApp kangapo, kenako n'kukabenedwa pamsika, ikupanikizidwa paliponse pamene yadutsa. Zimene zatayika pamenepo palibe sipika ingazibweze.

Ngati ndalama zilipo zochepa, ine ndingachepetse mainchesi a kanema n'kugula masipika awiri abwino ndi ampulifaya yolembedwa RMS. Lumikizani ndi chingwe cha HDMI pa bowo lolembedwa ARC, kapena cha optical ngati zipangizo zanu zili ndi malo ake, chifukwa Bluetooth nthawi zina imachedwetsa mawu moti milomo imatsogola. Masipika akhale mbali ziwiri za kanema, pa msinkhu wa makutu mukakhala pansi, otalikirana mofanana ndi mtunda wofika pampando wanu, ndipo sabuufa isapanikizidwe pakona. Nyumba ya simenti pansi, yopanda siling'i, imabweza mawu kwambiri, choncho mkeka kapena kapeti, makatani ndi mipando ya sofa zimathandiza, ngakhale nyumba iliyonse ili ndi khalidwe lake ndipo muyenera kusunthasuntha mpaka zitamveka. Musaiwale kachipangizo koteteza zipangizo zanu magetsi akabwera mwamphamvu. Pokagula, tengani nyimbo imene mumaidziwa bwino, muuze wogulitsa atsitse voliyumu kufika pakati, ndipo mumvetsere ngati liwu lililonse la woyimba likumveka.