Chifukwa chake hybrid imamwa mafuta ambiri nyengo yachisanu

Amene ali ndi Toyota Aqua, Prius kapena Honda Fit ya hybrid amakonda kuyang'ana kanambala ka pa dashibodi kosonyeza makilomita amene galimoto ikuyenda pa lita imodzi. Mwezi wa June ukalowa, kanambala kaja kamayamba kutsika. Msewu ndi womwewo, woyendetsa ndi yemweyo, koma thanki ikutha msanga. Ambiri amathamangira kunena kuti batire latha, ena n'kuyamba kukayikira amene anawagulitsa galimoto. Nthawi zambiri galimotoyo imakhala ilibe vuto lililonse, kungoti injini yake ikuzizidwa.

Toyota inatulutsa Prius yoyamba ku Japan mu 1997, ndipo Aqua, imene yadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, inatuluka mu 2011. Magalimoto amenewa ali ndi injini ya petulo komanso mota yamagetsi yodalira batire lalikulu. Chinsinsi cha kusamwa kwawo n'chakuti injini imazima pafupipafupi. Mukaima pa maloboti imazima, mukamatsetsereka imazima, mukamakwawa pamzere wa magalimoto mota yokha ndi imene imakoka. Choncho chilichonse chokakamiza injini kuti izingolirabe chikudya phindu limene munagulira galimotoyo.

Kuzizira kumachita zomwezo. Injini imagwira bwino ntchito madzi ake akatentha kufika pa madigiri 80 mpaka 90. Injini ikadali yozizira, kompyuta ya galimoto imakana kuizimitsa, chifukwa ikufuna kuti injini ndi chipangizo chosefa utsi cha mu ekizozi zitenthe msanga. Oyilo nayenso akazizira amalimba, ndiye zitsulo zimayenda mokakamira. Unduna woona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta ku America umanena kuti kunja kukazizira kufika madigiri 7 pansi pa ziro, galimoto wamba ya petulo yoyenda m'tauni imataya pafupifupi 15 peresenti ya mtunda umene imayenda pa lita, poyerekeza ndi tsiku la madigiri 25. Pa maulendo aafupi, a makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi, imatha kutaya 24 peresenti. Hybrid imataya 30 mpaka 34 peresenti. Sikuti hybrid yasanduka chidakwa kuposa inzake ayi. Imamwabe pang'ono, koma poti mwachizolowezi imangonyambita, kowonjezera kalikonse kamaonekera.

Chisanu choterocho ndi cha abale athu okhala ku Leeds kapena ku Toronto. A ku Johannesburg nawo amadzuka m'mawa wa July madzi atachita ayezi pa galasi. Kuno kwathu sitifika pamenepo, kupatula mwina pamwamba pa Nyika, koma m'mawa wa ku Dedza kapena ku Mzuzu, pomwe kumatsika pansi pa madigiri 10, ndi wokwanira kuti kusiyana kuoneke.

Wakuba wamkulu ndi hita. Mpweya wotentha umene umatuluka m'galimoto zambiri za hybrid suchokera ku batire, umachokera ku madzi a injini. Mukatsegula hita, fani imatenga kutentha kwa madziwo n'kukuuzirani kumapazi. Madzi aja akazizira, kompyuta imalizanso injini ngakhale galimoto itaima nji, batire lili lodzaza. Mutha kudzionera nokha. M'mawa wina mutaima pamzere, injini ikulira, dinani batani lozimitsa hita. Ngati injini inali itafundako kale, mumva yangoti zii, dashibodi yasiya kunjenjemera. Yatsaninso hita, posakhalitsa iyambiranso. Tangoganizani munthu amene wagona pamzere wodikira petulo hita ili yoyatsa: akuwotcha mafuta omwe akuwadikirirawo.

Palibe akunena kuti ana azinjenjemera popita kusukulu. Koma kuvala juzi n'kusiya hita yozima kwa mphindi zingapo zoyambirira kumathandiza injini kutentha msanga, ndipo kenako hita mutha kuitsegula pang'ono osati kuikankhira kumapeto. Batani la ECO limachepetsanso mphamvu imene hita ndi AC zimakoka. Ngati galimoto yanu inabwera ndi mipando yofunditsa, gwiritsani ntchito imeneyo, chifukwa imadya magetsi ochepa ndipo sidikira madzi a injini. Batani lochotsa nkhungu pa galasi lakutsogolo nalo limakonda kuliza injini. Limeneli musaumire nalo. Chiperoni chikakuta msewu wa ku Thyolo, kuona kutsogolo n'kofunika kuposa lita iliyonse. Galasi likangoyera, lizimitseni.

Pali chizolowezi china chimene tinatengera kwa madalaivala akale, choliza galimoto m'mawa n'kuisiya pabwalo ikutenthetsa, mwini wake akumwa tiyi. Zinali zomveka pa magalimoto a kabuleta ndi choko. Injini ya masiku ano imatentha msanga ikamayenda kusiyana ndi ikaima. Theka la mphindi ndi lokwanira, kenako nyamukani mofatsa, osaponda moto kwambiri m'makilomita oyamba.

Maulendo aafupi ndi amene amapweteka zedi. Mayi wodziwa kusunga makala sakoleza mbaula katatu kuti aphike ndiwo, nsima ndi madzi osamba. Amakoleza kamodzi, n'kumangosintha miphika moto usanazilale. Injini nayo nthawi iliyonse imene yazizira, mumalipiranso mafuta oitenthetsera. Ngati muli ndi zokagula kumsika, kubanki ndi kokatenga mwana, ziphatikizeni mu ulendo umodzi, ndipo yambani ndi kutali kwambiriko kuti injini itenthe bwinobwino, apafupiwo muimeko pobwerera. Akatswiri a Toyota vutoli ankalidziwa. Prius ya m'badwo wachiwiri yogulitsidwa ku America inali ndi kathanki kosunga madzi otentha a injini kuti adzaifunditse poliza ulendo wotsatira, ndipo ya mu 2009 inayamba kutenga kutentha kwa utsi wa mu ekizozi n'kutenthetsera madziwo.

Apa ndi pomwe amakaniko ena amationongera. Galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, kapena ikangotenthako kamodzi, pali ena amene amachotsa thermostat n'kunena kuti kachipangizoka n'ka kumayiko ozizira. Ntchito ya thermostat ndi kutseka madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itatentha. Mukaichotsa, madzi amazungulira mu rediyeta kuyambira poliza, injini imachedwa kutentha, ndipo pa hybrid ndiye kuti izingolira osapuma. Galimoto imene hita yake imachedwa kwambiri kufunda, injini osazima ngakhale mutayenda mtunda wautali, ikayezedwe thermostat musanayambe kufunsa mtengo wa batire.

Batire lili ndi gawo lake ndithu. Likazizira sililandira kapena kupereka magetsi ambiri nthawi imodzi, choncho mphamvu imene galimoto imakolola mukaponda buleki imachepa. Mankhwala ake ndi kuyamba kuponda buleki patali, pang'onopang'ono, kuti magetsi alowe mwa muyeso umene batire lingakwanitse. Batani la EV likakana m'mawa musadabwe, kompyuta ikuteteza zipangizo. Mu Aqua batire lili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo limapuma mpweya wa m'galimoto momwemo kudzera pa kachibowo ka m'mbali mwa mpandowo. Bulangete la mwana kapena thumba la katundu zisatseke pamenepo, ndipo fumbi lizichotsedwa.

Matayala amaphwa okha kukazizira, pafupifupi 1 psi pa madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi alionse amene kwatsika. Ayezeni m'mawa musanayende mtunda, ndipo tsatirani nambala yolembedwa pa chitseko cha dalaivala, osati diso la wopopa. Oyilo akhale amene buku la galimoto likunena. Pa Aqua ndi Prius ya 2009 ndi 0W-20, wopyapyala, osati 20W-50 amene ena amathira m'galimoto iliyonse. Zotseka kutsogolo kwa rediyeta ndi katoni, monga amachitira ena ku Canada, zisiyeni. Kuno dzuwa likakwera masana mupsereza injini.

Kusunga galimoto m'galaja usiku kumathandiza kuti injini isazizire kwambiri, koma pali ngozi imene hybrid imabisa. Ikakhala pa READY imakhala chete ngati yozima, ndiye munthu atha kutuluka, kutseka chitseko n'kukagona. Batire likatsika, injini imadziliza yokha, ndipo utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Ngati galaja ndi yolumikizana ndi nyumba, musatenthetseremo galimoto chitseko chili chotseka, ndipo madzulo alionse onetsetsani kuti mawu a READY azima pa dashibodi musanatuluke.