Kambewa Kakayenda, Masipika Alira

Ife a kuno ku Chowa, m'tauni ya Kabwe, tinazolowera kuti mbewa ikamveka m'nyumba ndiye kuti yalowa m'thumba la chimanga. Koma tsiku lina m'holo, tikukonzekera msonkhano wa makolo, tinamva mbewa ya mtundu wina. Mnyamata wina analumikiza laputopu yake ku ampulifaya kuti nyimbo zimveke bwino. Akangokankha kambewa ka kompyuta, kamene achinyamata amati mausi, masipika ankalira ngati udzudzu m'khutu. Akachotsa dzanja, zii. Akuluakulu sanachedwe kugamula mlandu: mwanayu waononga masipika amene tinasonkhera ndalama miyezi yambiri, makolo ake alipire.

Mwanayo analibe mlandu, ndipo masipika anali bwinobwino. Mausi wamba ikamayenda imatumiza uthenga ku kompyuta ka 125 pa sekondi imodzi, ndipo ina yochitira masewera imafika ka 1,000. Uthenga uliwonse umadzutsa ubongo wa kompyuta, motero magetsi amene umakoka amakwera ndi kutsika mofulumira. Kugwedezeka kumeneku kukalowa m'waya wa mawu, ampulifaya imakukweza pamodzi ndi nyimbo, pakuti yokha siidziwa kusankha. Tisasokoneze phokosoli ndi kung'ung'udza kwapansipansi kosalekeza kuja, kochokera ku magetsi a ZESCO amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi.

Nanga phokosolo limalowera pati? Kawirikawiri kompyuta ndi ampulifaya zimakhala zogwirana kawiri: pa waya wa mawu, ndiponso pa waya wopita m'nthaka wa m'masoketi. Njira ziwirizo zimapanga mkombero, ndipo timagetsi tosokera timazungulira m'menemo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinayamba ndi kuzula chaja kuti laputopu iyendere batire yokha, ndipo phokoso linatheratu. Apo tinadziwa kuti vuto lili pa mkombero uja. Likadapitirira, tikadakayikira waya wa mawu kapena zida za mawu za m'kati mwa kompyuta. Pamenepo munthu amayesa waya wamfupi wokutidwa bwino, wosagona pamodzi ndi mawaya a magetsi. Amasamutsira mausi pa bowo lina la USB. Amatseka maikolofoni ya m'kompyuta ngati siikugwira ntchito. Amakweza mawu pa kompyuta n'kuwatsitsa pa ampulifaya. Pa kompyuta ya patebulo, bowo la mawu la kumbuyo limachita bwino kawirikawiri kuposa la kutsogolo. Koma muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chimene chachiritsa.

Chimene chatikakamiza kulemba ndi uphungu umene bambo wina anapereka tsikulo, ndipo taumvanso kwina. Anati tingothyola mwendo wautali wa pulagi ya miyendo itatu, phokoso litha. Zoonadi likhoza kutha, ndipo m'menemo ndi mmene muli msampha. Mwendo umenewo, wa waya wobiriwira ndi wachikasu, ndiwo umathawitsira magetsi m'nthaka chida chikaonongeka m'kati. Mukauchotsa, mphamvu ya mavoti 230 ikhoza kukhala pa chitsulo cha ampulifaya, n'kuyenda pa chingwe mpaka pa maikolofoni. Njira yake yopitira pansi idzakhala dzanja ndi mlomo wa amene akulankhula, mwina mayi woimirira opanda nsapato pa simenti yongokolopedwa kumene. Tinakana kwamtuwagalu, ngakhale kuti bamboyo anakhumudwa nafe pang'ono.

Tsikulo tinalumikiza laputopu ndi ampulifaya pa soketi imodzi, ndipo phokoso linachepa kwambiri. Pambuyo pake tinagula kabokosi kotchedwa ground loop isolator, kamene kamaikidwa pakati pa waya wa mawu. M'kati mwake muli thiransifoma yaing'ono imene imadutsitsa mawu koma imadula mkombero, osakhudza waya wa m'nthaka. Makolo a mnyamata uja sanalipire ngakhale ngwee imodzi, ndipo wapampando anapita yekha kunyumba kwawo kukapepesa.