Kompyuta imaloza chabe, sigwira sipanala

Masiku ano kanyali kachikasu ka injini kakangoyaka padashibodi, mawu oyamba amene mwini galimoto amamva ndi akuti: "Bwana, imeneyi ikufunika kompyuta." Ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, ku Ndirande mu Blantyre, ngakhalenso pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, mupeza anyamata atanyamula timakina, kulipiritsa anthu kuti awauze chomwe chavuta. Ena mwa inu amene mumachitira geni Probox, Sienta kapena Vitz mwayamba kugula kamakina kanukanu kuti muzikonza nokha. Ine sindikutsutsa zimenezi ayi, koma ndili ndi mawu.

Tiyambe tachidziwa chinthucho. Ku America lamulo lidati galimoto zatsopano kuyambira 1996 zikhale ndi njira yotchedwa OBD-II, ndipo ku Ulaya adatsatira mu 2001 pa galimoto za petulo. Cholinga chachikulu chidali kulonda utsi woipa wotuluka ku ekizozi. N'chifukwa chake kunsi kwa chiwongolero mumapeza soketi ya timabowo 16. Mukalowetsapo kachipangizo kotchipa ka ELM327 n'kukalumikiza ku foni, pulogalamu monga Torque imakuwerengerani manambala amene kompyuta ya galimoto yasunga. Dziwaninso kuti galimoto zina zakale zochokera ku Japan sizimvana ndi tizipangizo totchipati, choncho yesani kaye musanatulutse ndalama.

Tsono pamene pagona nkhani ndi apa: nambala imene mwawerengayo si dzina la sipeya yoti mukagule. Titenge P0171. Nambalayi ikungonena kuti m'injini mukulowa mpweya wambiri poyerekeza ndi mafuta. Mwina kapaipi kamphira kang'ambika, mwina sensa yoyeza mpweya yadzala fumbi la m'misewu yathuyi, mwina fyuluta ya mafuta yatsekeka, mwinanso pampu yatopa. Munthu wopupuluma amathamangira kukagula sensa ya ku ekizozi, kuimanga, patapita masiku nyali ija nayo phethi! Chonsecho sensa yakaleyo inali mboni chabe, imanena zoona. Ndalama ya katundu wa pashopu yapita, vuto likadalipo.

Chimodzimodzi P0300, yomwe imati injini ikumisa, kunena kwa amakaniko. Kodi ndi mapulagi? Ndi koyilo? Kapena ndi petulo uja wa m'zigubu mudagula kwa mavenda pamene mafuta ankasowa? Foni singakuyankheni. Muyenera kumasula mapulagiwo ndi kuwaona nokha ngati ada, anyowa kapena atha.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimati musanatulutse foni, tsegulani boneti. Yambani ndi batire. Kodi mateminolo ake ndi othina, kapena amera ufa woyera uja? Ndi kamita koyezera magetsi, batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo injini ikalira iyenera kufika cha m'ma 14. Ikapanda kukwera, kayikirani altaneta kapena lamba wake. Batire yofooka payokha imatha kusokoneza kompyuta n'kuyamba kulavula manambala a matenda omwe kulibe. Mukatero onani mafyuzi, oyilo, madzi ndi fyuluta ya mpweya. Nunkhizani, mvetserani, yang'anani pansi ngati pali chodontha. Zonsezi n'zaulere, abale.

Palinso matenda amene kamakina sikawaona n'komwe. Beringi ya tayala ikamalira, mabushi akatha ndi maenje, mashoko akafa, kilatchi ikamaterereka, foni imakuuzani kuti zonse zili bwino. Khutu la makaniko wakale limagwira zimenezi galimoto isanatuluke n'pageti pomwe.

Komatu tisanamizane, galimoto zamakono sizingakonzedwe ndi khutu lokha. Vuto lobwera n'kumapita, loti mukafika kugalaja galimoto ili phee, kompyuta imalisunga. Imakuonetsaninso kutentha kwenikweni kwa injini pamene mukuyenda. Ndipo kwa inu ogula galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito, kamakina ndi mnzanu weniweni. Ogulitsa ena ochenjera amafufuta manambala kuti nyali izime m'mawa wa tsiku la malonda. Kamakina kamatha kuonetsa kuti kompyuta sinamalize kudziyesa chifufutireni, ndipo pamenepo mudzafunse mafunso. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Kufufuta nambala si kukonza galimoto. Lembani nambalayo kaye papepala, konzani vutolo, kenako fufutani ndi kuona ngati ibwerere. Nyali ya injini ikamathwanima m'malo mongoyaka, imani msanga, chifukwa mafuta osapsa akuwotcha catalytic converter, chitsulo chodula kwabasi. Ndipo eni Aqua ndi Prius, mawaya alalanje aja musawakhudze. Muli magetsi oti n'kupha munthu. Amenewo, pamodzi ndi za ma airbag, asiyireni odziwa.

Kwa ana asukulu amene mukuphunzira umakaniko ndikuti phunzirani zonse ziwiri. Wodziwa kuwerenga manambala okha adzatha ndalama za makasitomala posinthitsa masipeya abwinobwino. Wokana kompyuta naye adzatsala akudikira galimoto za kabuleta zomwe zikutha m'misewu. Kwa amalonda anzanga, gulani kamakinako ngati mungathe, koma mugule kaye kamita ka magetsi, sipanala ya mapulagi ndi tochi. Kompyuta ikuuzani mbali yomwe ikupweteka. Chomwe chikupweteketsacho mudzachipeza ndi manja anu akuda bii ndi girizi.