Sayansi ya M'phulusa: Zimene Ana Angaphunzire pa Khomo

Pa tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa mnyamata wina amene ndinamphunzitsa m'Sitandade 6. Tsopano ali Fomu 2 pa sekondale ina yoyendera kuno kwathu ku Diamphwe. Anatulutsa kope lake la kemisitiri nandilakatulira pamtima, osaphonya liu ndi limodzi lomwe, kuti alikali ndi chinthu choterera m'manja chimene chimapha mphamvu ya asidi. Nditamfunsa ngati anayamba waiona alikaliyo ndi maso ake, iye anati ai, popeza pa sukulu pawo palibe labotale. Koma pa nthaŵi yomweyo agogo ake anali pa khonde kucheza chidulo choti athire m'therere. Alikali imene mnyamatayo anati sanaione inali kudontha m'mbale pafupi ndi mapazi ake.

Ndinabwerera kwathu ndi manyazi, pakuti mlandu wake sunali wa mwanayo. Inenso zaka zambiri ndakhala ndikudzaza bolodi ndi mau oti ana akopere, osawatuma kukafunsa kwa makolo awo. Motero ana athu akula ndi maganizo akuti sayansi imakhala m'mabotolo ochokera kunja, ndipo ambiri amaiopa nagwa nayo pa mayeso. Chikhalirecho agogo odziŵa kucheza chidulo, kuotcha mbiya ndi kusula makasu alinkutha mmodzimmodzi, nzeru zawo nkumapita nawo kumanda. M'nkhani ino ndifuna kuonetsa ntchito zitatu zimene kholo lingachite ndi ana ake pa khomo, popanda kuononga ndalama.

Ntchito yoyamba: kucheza chidulo

Tenthani zitsononkho, makoko a nyemba kapena makoko ouma a nthochi mpaka atasanduka phulusa loyera. Boolani timabowo pansi pa chitini, yalanimo udzu pang'ono, thiranimo phulusalo ndipo tsirani madzi pang'onopang'ono. Madzi ofiirira amene adzadonthera m'mbale ndiwo chidulo. Ana aone kuti si phulusa lonse limene latsika: china chasungunuka m'madzi, china chatsala m'chitini. Pamenepo aphunzira kale kulekanitsa chosungunuka ndi chosasungunuka, mutu umene adzaupeza m'mabuku a ku sekondale.

Tsono ŵiritsani chidulo pang'ono pa phale mpaka madzi onse ataphwa. Padzatsala timibulu totuŵa tonga mchere. Makolo athu ankadya mchere wopangidwa m'njira yofanana ndi imeneyi, ena kuchokera ku phulusa la zomera za m'dambo, ena kuchokera ku dothi la mchere monga la m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa.

Timibuluto Angelezi anatitcha potash, ndiko kunena phulusa la mumphika, chifukwa iwonso ankaŵiritsa madzi a phulusa m'miphika monga momwe tachitiramu. M'chaka cha 1807, ku London, Humphry Davy anapititsa mphamvu ya magetsi m'mankhwala ochokera ku potash, napezamo chitsulo chofeŵa chimene sichinali kudziŵika, nachitcha potaziyamu. Ngakhale liu loti alikali linachokera ku Chiarabu, ndipo tanthauzo lake ndi phulusa la zomera. Pitani ndi mwana pa thumba la feteleza ndipo aŵerenge manambala atatu olembedwapo, monga 23:10:5. Yoyamba ndi ya N, yachiŵiri ndi ya P, yachitatu ndi ya K, ndipo K ameneyo ndiye potaziyamu. Chomera chimamtenga m'nthaka, moto umamsiya m'phulusa, amai namtulutsa ndi madzi. Nchifukwa chake nthochi za pa dzala pamene timataya phulusa zimakondwa.

Mwana akhudze kadontho ka chidulo ndi zala ziŵiri, kenaka asambe msanga. Adzamva kuterera. Kutereraku kumadza chifukwa alikali ikakumana ndi mafuta imapanga sopo, ndipo pa khungu la munthu pali mafuta pang'ono. Amai amene amatsuka mphika wa nyama yonona ndi phulusa amapanga sopo mumphika momwemo, ngakhale satchula dzina lake. Alikali yomweyo ndiyo imamasula timitsempha ta masamba kuti ndiwo zifeŵe msanga. Komabe tinene zoona zonse: chidulo kapena soda zikachuluka zimaononga ena mwa mavitamini a m'ndiwo, makamaka C ndi B1. Sayansi imalemekeza nzeru za makolo, koma imatiuzanso polekezera.

Ntchito yachiŵiri: madzi osintha mtundu

Iyi ndiyo imakondweretsa ana koposa. Tengani makoko ofiira a chidede, kapena masamba ofiira a limanda, muwaviike m'madzi otentha mpaka madziwo atafiira. Akazirala, agaŵeni m'matambula atatu oonekera m'kati. M'tambula yoyamba finyiranimo ndimu: kufiira kudzaŵala kwambiri. Yachiŵiri isiyeni momwemo kuti ikhale poyerekezera. M'yachitatu donthezeranimo chidulo: madzi adzayamba kuda, kenaka adzasanduka obiriŵira. Musawauze ana chimene chiti chichitike. Ayambe alota okha, alembe maganizo awo, ndipo pambuyo pake aone ngati analasa.

Akatha apo ayese zinthu zina chimodzichimodzi: bwemba, malambe, viniga, soda, madzi a sopo, madzi a pa chitsime. Zofiiritsa azilembe mbali ya asidi, zobiriŵitsa mbali ya alikali. Potsiriza athire madzi a ndimu m'tambula yobiriŵira ija pang'onopang'ono. Mudzatuluka thovu, ndipo mtundu wofiira udzabwerera. Thovulo ndi mpweya wa carbon dioxide, womwewo umene umatupitsa chikondamoyo amai akathiramo soda. Apa mwana waona ndi maso chimene mnyamata uja anangoloŵeza, kuti alikali ndi asidi zimaphana mphamvu.

Tisayese kuti ameneŵa ndi maseŵera chabe. M'chaka cha 1664 Robert Boyle, mmodzi wa anthu amene anaika maziko a kemisitiri, anafotokoza kuti madzi a maluŵa ena amafiira akakumana ndi asidi ndipo amabiriŵira akakumana ndi alikali. Chipangizo chake sichinapose chidede chathu. Ndipo funso lakuti nthaka ili ndi asidi wochuluka bwanji ndi limodzi la mafunso amene amafufuzidwa ku Bunda, pafupi ndi Mitundu, pa sukulu ya zaulimi imene lero ili mbali ya yunivesite ya LUANAR. Mwana wa ku Nathenje amene wayamba ndi tambula ya chidede wayamba ulendo umene ungakamfikitse kumeneko.

Ntchito yachitatu: dzimbiri ndi ng'anjo

Makolo athu sanadikire sitolo kuti apeze khasu. Antonio Gamitto, Mpwitikizi amene ananyamuka ku Tete m'chaka cha 1831 nadutsa m'dziko la Amaravi, analemba za umisiri wawo woyenga chitsulo ndi kusula makasu. Zotsala za ng'anjo zakale zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Amisiri ankasanjika miyala ya chitsulo ndi makala m'ng'anjo ya dothi, mpweya nkumaloŵa cha pansi mpaka moto utafika pa madigiri oposa 1,100. Kutentha kumeneku sikukwanira kusungunula chitsulo, chimene chimafuna madigiri 1,538. Chimene chinkachitika ndi ichi: m'mwalawo chitsulo chimakhala chitagwirana ndi okosijeni, ndipo mpweya wotuluka m'makala oyaka umalanda okosijeniyo, chitsulo nkutsala chokha ngati chibuma chokhakhala. Wosula ankachitenthanso ndi mvukuto nachimenya kufikira zinyalala zitachoka.

Ng'anjo si ntchito ya ana. Koma ana angathe kuona ntchito yomweyo ikubwerera m'mbuyo, pakuti dzimbiri ndi chitsulo chimene chagwirananso ndi okosijeni. Pezani misomali inai, osati yokhomera malata popeza imeneyo inakutidwa ndi zinki. Ikwecheni ndi mchenga kuti iŵale. Woyamba uikeni m'botolo louma bwino ndi kutseka. Wachiŵiri m'botolo la madzi pang'ono, losatseka. Wachitatu m'madzi a mchere, losatsekanso. Wachinai umizeni m'madzi amene aŵira nthaŵi ndithu, muthire mafuta ophikira pamwamba pake kuti mpweya usaloŵenso. Ana aziyang'ana m'maŵa uliwonse kwa mlungu wathunthu ndi kulemba zimene aona. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Adzapeza kuti msomali wouma ndi wa pansi pa mafuta sunasinthe kwenikweni, pamene ya m'mabotolo osatseka yachita dzimbiri. Iwo okha adzanena kuti dzimbiri limafuna madzi ndi mpweya pamodzi, ndipo adzazindikira chifukwa chake atate amapaka mafuta pa tcheni cha njinga ndi kukana kuti khasu ligone pa mvula. Aonetseninso kuti mtundu wa dzimbiri ndi wofanana ndi wa katondo ndi wa njerwa yootcha, pakuti zonsezi zimafiira chifukwa cha chitsulo chimene chilimo.

Chenjezo kwa makolo

Safunsa anadya phula. Ntchito izi zichitike munthu wamkulu ali pomwepo, ndipo za pa moto azigwira ndi iyeyo. Chidulo chokhathamira chimaotcha m'maso. Chikagweramo tsukani ndi madzi ambiri kwa nthaŵi yaitali, ndipo pitani naye mwanayo ku chipatala. Chilichonse choyesera chisalaŵidwe, ndipo chisasungidwe m'botolo la chakumwa, kuopa kuti wamng'ono angachimwe. Soda waukali wopangira sopo, mankhwala a mbeu, madzi a m'batire ndi petulo zisayandikire ana konse. Auzeninso kuti mpweya uja wa m'makala umene unkayenga chitsulo, wotchedwa carbon monoxide, ulibe fungo, ndipo ndi womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka.

Mau otsiriza

Kholo lina lidzati, "Ine sukulu ndinalekera panjira, ndingaphunzitse bwanji sayansi?" Simufunikira kudziŵa maina a m'buku. Mwana ali nawo mainawo. Chimene alibe ndi chinthu chenichenicho, ndipo chimenecho muli nacho ndinu. Mpatseni kope lapadera loti azilembamo tsiku, zimene anagwiritsa ntchito, zimene anayembekeza ndi zimene zinachitika. Zikalephereka alembenso zomwezo, pakuti kulemba zoona ngakhale zitakukhumudwitsa ndiwo mwambo woyamba wa sayansi. Atsikana asatsalire, iwo ndiwo amakhala pafupi ndi mafuwa kumene zambiri za izi zimachitikira.

Ndipo inu achinyamata, pitani kwa agogo anu akali moyo. Afunseni kuti phulusa la mtengo uti limatulutsa chidulo chaukali, mbiya imadziŵika bwanji kuti yapsa, ndani ankasula makasu m'mudzi mwanu ndipo miyala yake ankaikumba kuti. Lembani mayankho awo, kenaka kafunseni aphunzitsi anu chifukwa chake zimatero.

Mnyamata uja ndinakumana nayenso pa msika wa Mitundu sukulu zili pafupi kutsegulidwa. Anandiuza kuti iye ndi agogo ake anayesa phulusa la mitundu itatu, ndipo agogowo ananeneratu limene lidzabiriŵitse chidede msanga asanathire nkomwe. Anati akubwerera ku sukulu ndi makoko ouma a chidede m'thumba, kuti akaonetse anzake a m'kalasi.