CHIMFINE CHA MUNGU: MATENDA OBWERA NDI MALUWA A MITENGO

Chisanu chikatha ndipo mwezi wa Ogasiti ukalowa, mitengo yambiri m'dziko muno imayamba kuphukira ndi kuchita maluwa. Mango amayera ndi maluwa, mitengo ya m'thengo imatulutsa masamba ofiira, ndipo pofika Okutobala misewu ya m'Blantyre ndi Zomba imakongola ndi jakaranda. Nyengo yomweyi ndi imene zipatala zazing'ono zimalandira anthu oyetsemula kosalekeza, otsekeka mphuno, ndi ana otikita m'maso mpaka kufiira. Ambiri mwa iwo amakhala atamwa kale makapisozi ogula ku golosale koma osaona kusintha. Ena amayamba kukayikira anansi awo kuti awalodza, poona kuti matendawo amabwera chaka ndi chaka pa mwezi womwewo. Kawirikawiri gwero lake ndi mungu.

MUNGU NCHIYANI?

Mungu ndi fumbi losalala limene limatuluka m'maluwa kuti mbewu zibereke. Mlimi aliyense amaudziwa, pakuti ndi ufa wachikasu uja umene umagwa kuchokera ku ngaiyaye za chimanga. Zomera zina zimadalira njuchi ndi tizilombo tina kuti tinyamule mungu wao. Mungu wotere ndi wolemera ndi womata, ndipo suuluka patali. Mango ndi jakaranda ali m'gulu limeneli, motero ngakhale maluwa ao amaonekera kwambiri, kawirikawiri sindiwo opalamula. Zomera zina zimadalira mphepo, ndipo zimatulutsa mungu wochuluka zedi, wopepuka, woyenda mtunda wautali. Mitengo ya mtundu wa mkungudza, mabulosi, paini ndiponso udzu zili m'gulu lachiwirili, ndipo maluwa ake ndi osaoneka bwino kotero kuti munthu sawaganizira nkomwe.

Anthu okhala pafupi ndi nkhalango za paini, monga ku Chikangawa, pa phiri la Zomba ndi ku Dedza, amaona ufa wachikasu pamwamba pa madzi a m'ndowa. Mungu wa paini umachuluka chotero, komabe sudwalitsa anthu ambiri monga umachitira wa mkungudza kapena wa udzu. Mungu wa udzu uli ndi nthawi yakeyake, cha kumapeto kwa dzinja pamene udzu wamasula.

CHIMENE CHIMACHITIKA M'THUPI

Mungu si kachilombo ndipo ulibe poizoni. Anthu ambiri amaupuma tsiku ndi tsiku osamva kanthu. Koma mwa anthu ena chitetezo cha m'thupi chimalakwitsa, nichiyesa mungu mdani. Mungu ukangofika m'mphuno kapena m'maso, thupi limatulutsa madzi otchedwa histamini, amene amatupitsa khungu la m'kati mwa mphuno, nachititsa kuyabwa, mamina ndi misozi. Azungu amatcha vuto lotere alaje, dzina limene dokotala wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet, adalipanga m'chaka cha 1906.

Dokotala wina wa ku London, John Bostock, adalongosola matendawa m'chaka cha 1819, pakuti iye mwini ankadwala chaka chilichonse. Amene adatsimikiza kuti gwero lake ndi mungu ndi Charles Blackley wa ku Manchester, m'chaka cha 1873. Iyeyu ankadziika mungu m'mphuno ndi pakhungu naona zizindikiro zikubuka nthawi yomweyo. Matendawa sapatsirana. Chimene chilipo nchakuti amayenda m'magazi a banja: mwana wa kholo lodwala mphumu kapena chimfine cha mungu akhoza kutengera msanga kuposa anzake.

KUSIYANITSA NDI MATENDA ENA

Chimfine wamba chimayamba ndi zilonda zapakhosi, kuphwanya kwa thupi ndipo nthawi zina kutentha thupi pang'ono. Chimagwira anthu a m'nyumba imodzi motsatizana, ndipo chimatha pa masiku 7 kapena 10. Chimfine cha mungu sichitenthetsa thupi. Wodwala amayetsemula kangapo motsatizana, mamina amakhala oyera ngati madzi, ndipo mphuno, maso ndi m'kamwa mwa pamwamba mumayabwa. Chimatha milungu ingapo kapena miyezi, chimakula pa tsiku louma la mphepo, ndipo chimachepa mvula ikagwa, pakuti mvula imagwetsa mungu pansi.

Kusiyanitsa kumeneku nkofunika chifukwa pali matenda oopsa amene sayenera kubisala kumbuyo kwa dzina la chimfine. Munthu wotentha thupi ayenera kuyezedwa malungo tsiku lomwelo. Munthu amene watsokomola milungu 2, makamaka ngati akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, ayenera kupereka makhololo kuti ayezedwe chifuwa chachikulu.

KUDZITETEZA PAKHOMO

Palibe amene angaletse mitengo kuchita maluwa, koma munthu akhoza kuchepetsa mungu wofika m'mphuno mwake. Wochokera kumunda kapena kunkhuni asambe m'maso, m'manja ndi m'mutu, ndipo asinthe zovala asanalowe kuchipinda chogona, pakuti mungu umakakamira ku tsitsi ndi ku nsalu. Zofunda za wodwala zikayanikidwa panja, wina amene sadwala azikutumule asanazilowetse. Mazenera a kuchipinda atsekedwe pa masiku a mphepo yambiri.

Malimwe ndi nyengonso ya fumbi ndi utsi. Anthu amakhala akusosa m'minda, kutentha zinyalala, ndipo ena amatentha tchire posaka mbewa. Fumbi ndi utsi zimapweteka mphuno imene yatupa kale, motero wodwala azipewe. Posesa m'nyumba kapena pabwalo, madzi awazidwe poyamba. Mai wodwala aphikire pamalo popita mphepo, ndipo osuta fodya asasutire m'nyumba. Pogwira ntchito ya fumbi, mpango kapena chophimba mphuno ndi pakamwa chimathandiza, monganso mafuta pang'ono a Vaseline opaka m'mphepete mwa mphuno, amene amagwira mungu usanalowe.

Madzi a mchere ndi mankhwala otsika mtengo opezeka pakhomo lililonse. Supuni yaing'ono imodzi ya mchere, yosasefukira, isungunulidwe m'theka la lita la madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Wodwala athire pang'ono m'dzanja loyera, akokere m'mphuno imodzi, namine, kenaka achite chimodzimodzi ndi inayo. Madziwa akonzedwe atsopano tsiku lililonse, ndipo a pachitsime kapena kumtsinje osawiritsa asagwiritsidwe ntchito.

MANKHWALA A KUCHIPATALA

Mankhwala oyenera ndi amene amaletsa mphamvu ya histamini. Odziwika kwa ambiri ndi Piriton, amene dzina lake lenileni ndi chlorpheniramine. Amathandiza, koma amawodzeretsa, kotero woyendetsa galimoto, wakabaza, msodzi ndi wogwira ntchito pa chigayo ayenera kuchenjera nawo, ndipo asasakanizidwe ndi mowa. Ena, monga cetirizine ndi loratadine, sawodzeretsa kwambiri, ndipo munthu wamkulu amamwa mbulu umodzi wa mamiligalamu 10 kamodzi pa tsiku. Kwa wotsekeka mphuno kwambiri, dokotala akhoza kulemba mankhwala opopera m'mphuno monga beclomethasone, amene amagwira ntchito bwino akamapoperedwa tsiku ndi tsiku, osati pa tsiku lokha limene matenda akula. Amene amadziwa mwezi umene matenda ake amayamba achita bwino kupita kuchipatala milungu 2 nthawiyo isanakwane.

Amoxicillin ndi Bactrim sachiza chimfine cha mungu ngakhale pang'ono, pakuti ntchito yao ndi kupha tizilombo, ndipo pano palibe kachilombo. Kuwamwa mwachisawawa nkutaya ndalama, ndiponso kumazoloweretsa tizilombo ta m'thupi kotero kuti tsiku la chibayo mankhwalawo sagwiranso ntchito. Amai oyembekezera, oyamwitsa, ndi makolo a ana aang'ono asagule mankhwala paokha; afunse kusikelo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

MASO A ANA

Pali ana ena, makamaka anyamata, amene vutoli limakhazikika m'maso. Mwana amatikita m'maso usana ndi usiku, amaopa kuwala, ndipo mbali yoyera ya diso imasanduka yofiirira ngati dothi. M'kalasi amalephera kuyang'ana pa bolodi, ndipo mphunzitsi akhoza kumuyesa waulesi. Ambiri mwa ana otere amachira akamakula, koma ngozi yaikulu imachokera ku zimene amaikidwa m'maso. Madzi a masamba, mkodzo, shuga, mandimu kapena mkaka wa m'mawere zikhoza kuyambitsa chilonda pa galasi la diso, ndipo chipsera chake chimatseka kuona kwa moyo wonse. Madontho ogula pa msika nawonso ngoopsa, pakuti ena ali ndi mankhwala amphamvu amene akadonthezedwa kwa miyezi amabweretsa ng'ala kapena kuononga mtsempha wa diso mwakachetechete.

Kholo liike nsalu yoyera yoviika m'madzi ozizira pa zikope za mwana, limuwenge zikhadabo, ndipo lipite naye kuchipatala. Ngati diso likuwawa, likutuluka mafinya, kapena mwana sakuona bwino, ulendowo usachedwe. A chipatala chaching'ono amatumiza odwala otere kwa odziwa za maso ku chipatala cha boma, ndipo ofunika chithandizo chapadera amafika ku zipatala za maso monga za ku Nkhoma ndi ku Queen Elizabeth.

MPHUMU

Mphuno ndi mapapo ndi njira imodzi, nchifukwa chake mungu umene watupitsa mphuno ukhozanso kudzutsa mphumu. Wodwala mphumu asunge pafupi mankhwala ake opopera m'kamwa a salbutamol nyengo yonse ya malimwe, ndipo aone kuti sadathe. Munthu amene akubanika, akulira m'chifuwa ngati mluzu, kapena akulephera kumaliza mau chifukwa cha befu, ndiponso mwana amene nthiti zake zikulowa m'kati popuma, atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Kudula mitengo ya pakhomo sikuthetsa matendawa, pakuti mungu wa mphepo umachokera kutali, ndipo bwalo lopanda mitengo limachulukitsa fumbi. Chofunika nchakuti wodwala asunge m'mutu mwezi umene matenda amayamba ndi kutha, malo amene amakulira, ndi mankhwala amene adamwa kale, ndipo zonsezi akafotokozere mlangizi wa zaumoyo kapena dokotala, atatenga buku lake la kuchipatala.